Kalata kwa mwana wanga amene akufuna kuyambitsa yuniyoni (bungwe la antchito)

Chilenje, Lusaka

Wokondedwa mwana wanga,

Lamlungu lija sitinathe kukambirana bwino nkhani imene unaiyamba uli pakhomo pa khitchini, chifukwa m'nyumba munali alendo a kutchalitchi, ndiponso amayi ako atangomva mawu akuti yuniyoni nkhope yawo inagwa. Usawadabwe. Iwo akukumbukira miyezi isanu ndi iwiri imene ine ndinakhala pakhomo osalandira kanthu, iwo akugulitsa tomato ndi kapenta pamsika kuti inu musachotsedwe sukulu. N'chifukwa chake ndasankha kukulembera, kuti uwerenge pawekha mofatsa.

Sindikukuletsa. Zimene unandiuza zija, zoti mumagwira mpaka usiku popanda ovataimu, zoti ena atha zaka zitatu akusainira kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, ndi zoti magulovu mumagula ndi ndalama zanu, si zinthu zimene munthu mmodzi angazithetse pogogoda pa ofesi ya bwana. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi liwiro lako, pakuti unalankhula ngati munthu amene akufuna kuitanitsa msonkhano mawa lomwe.

Ndikuuze mmene ine ndinagwera, popeza unali wamng'ono. Pafakitale pamene ndinkagwira, ndinalemba mayina a onse amene anavomera kulowa yuniyoni m'kabuku ka ana a sukulu, ndipo ndinkayenda nako m'thumba la ovolosi. Tsiku lina ndinapachika ovolosiyo pamsomali ndikupita kukasamba, ndipo pobwerera ndinapeza kabuku mulibe. Pasanathe milungu iwiri, anthu anayi amene mayina awo anali pamwamba tinalandira makalata. M'kalata yanga munalibe mawu akuti yuniyoni; munalembedwa masiku atatu amene ndinachedwa chaka chimenecho, ndipo masikuwo anali oona. Mnzathu amene ankafuula kuposa tonse pa nthawi ya tiyi anakhala kapitawo mwezi wotsatira.

Uphunzirepo izi. Lamulo la Industrial and Labour Relations Act, Chaputala 269, limanena momveka kuti wantchito ali ndi ufulu wotenga mbali poyambitsa yuniyoni ndi kulowamo, ndipo saloledwa kuchotsedwa ntchito kapena kuzunzidwa chifukwa cha zimenezi. Koma bwana wochenjera sakuchotsa chifukwa cha yuniyoni, amakufunira chifukwa china. Choncho kuyambira tsopano uzifika nthawi isanakwane ngakhale minibasi zitavuta bwanji, usatuluke ndi kanthu ka kampani ngakhale cholembera, ndipo payslip iliyonse, kontrakiti iliyonse ndi kalata iliyonse yochenjeza uzisunga kunyumba, osati m'loka ya kuntchito. Maola a ovataimu uziwalemba tsiku lomwelo. Mayina a anzako usawaike pa gulu la WhatsApp, chifukwa foni imodzi ikaonetsedwa ku ofesi, nonse mwaonekera. Uzilankhula ndi munthu mmodzimmodzi kunja kwa geti, ndipo uyambe ndi awo amene anthu amawalemekeza, makamaka amayi aja akhalitsa pantchito, osati ndi awo okwiya kwambiri.

Musanaganize zolembetsa bungwe lanulanu, mufufuze kaye yuniyoni imene ilipo kale ya mtundu wa ntchito yanu. Ofesi ya Labour Commissioner, mkulu wa boma woona za antchito, kapena mabungwe aakulu ophatikiza mayuniyoni monga ZCTU (Zambia Congress of Trade Unions) ndi FFTUZ (Federation of Free Trade Unions of Zambia), angakulozereni. Kulembetsa yuniyoni yatsopano kumafuna anthu osachepera 50 osainira, malamulo ake olembedwa, ndi kuyenda kwambiri, pamene bungwe lakale lili ndi anthu ozolowera kukhala patebulo ndi mabwana. Chimene mukufuna poyamba ndi pangano lakuti kampani yavomereza yuniyoni, lija amati recognition agreement, ndipo lamulo limayembekezera pangano limeneli kwa wolemba ntchito amene ali ndi antchito oyenera 25 kapena kuposerapo. Pambuyo pake m'pamene mumakambirana za malipiro, matchuthi ndi zovala zodzitetezera. Udziwenso kuti amene ali mu management, ndiye kuti m'gulu la mabwana, sawerengedwa, kotero akakuitana mwadzidzidzi n'kukupatsa udindo wokhala ndi dzina lalitali, udzifunse chimene akugula.

Unadandaula kuti anzako ambiri akuti yuniyoni ndi yodula ndalama pa payslip basi. Usawanyoze, chifukwa maganizo amenewa ali ndi kumene anachokera. Ife a msinkhu wanga tinakula tikumva za anthu a m'migodi amene ananyanyala ntchito mu 1935 ndi mu 1940, za anthu 17 amene anafa ataomberedwa ku mgodi wa Nkana mu 1940, ndi za Lawrence Katilungu amene anatsogolera yuniyoni ya anthu akuda a m'migodi kuyambira mu 1949. Tinaona ndi maso athu Frederick Chiluba, amene anachokera ku yuniyoni ya omanga ndi amisiri, akutsogolera ZCTU kuyambira mu 1974, akutsekeredwa mu 1981, kenako akulowa ku State House ngati pulezidenti mu 1991. Tinavina poganiza kuti wantchito mnzathu wakhala pampando. Zimene zinatsatira uzifunse kwa aliyense wa kuno ku Chilenje: makampani a boma anagulitsidwa, Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, ndipo amuna amene ankapita kuntchito atavala tayi anayamba kukhala pansi pa mtengo kudikira ndalama zawo za retrenchment, zolipira ochotsedwa ntchito. Ana awo ndi amene ukugwira nawo ntchito lero. Sungawakope ndi nyimbo za pa 1 Meyi, tsiku la antchito. Uwaonetse ovataimu yawo ya mwezi watha utaiwerengera m'makwacha, n'kuiyerekeza ndi kandalama kamene kadzadulidwe.

Ine ndimakhulupirirabe yuniyoni, koma atsogoleri ake sindiwakhulupirira ndili chitsinzire. Ndaona ena akunenepa ndi maalawansi a misonkhano ya m'mahotela, mamembala awo osadziwa ngakhale tsiku la zokambirana. Mukadzasankha shop steward, woimira antchito pakampani, ndi msungichuma, musankhe anthu amene anasungapo ndalama za chilimba osasowetsa ngwee, ndipo muzifuna lipoti lolembedwa. Iwenso ngati adzakusankha, usadzalowe wekha mu ofesi ya bwana kukakamba za anthu, ngakhale atakuitana mokoma bwanji. Uzitenga mboni, ndipo potuluka uziuza anzako zonse tsiku lomwelo.

Za sitalaka ndinena mwachidule. Lamulo limafuna kuti mkangano udutse kaye kwa oyanjanitsa ndi kuti antchito aponye voti, ndipo amene angoponya zipangizo pansi chifukwa cha mkwiyo amapereka okha chikwapu kwa bwana. Mukalakwiridwa, kuli khoti la milandu ya ntchito, Industrial Relations Division ya High Court, koma milandu imatenga nthawi, ndipo lendi ya nyumba sidikira woweruza. Walira mvula walira matope, choncho uyambe kuika kandalama pambali mwezi uno, ndipo amuna ako uwauze zonse iwe mwini, asadzamvere kwa anthu.

Loweruka likubwerali ubwere masana ndi kontrakiti yako ndi mapayslip a miyezi itatu, tidzawerengere limodzi pakhonde. Ubwerenso ndi mmodzi mwa amayi akhalitsa aja ngati angavomere, chifukwa ndikufuna kumva pakamwa pawo kuti anthu amene angaime nanu ndi angati. Amayi ako ndilankhula nawo ndekha usiku uno. Moni kwa amuna ako ndi kwa adzukulu anga.

Ndine,
Bambo ako