Kwa mwana wanga wa zaka 7, nkhani ya tiana ta mbewa

Mwana wanga wokondedwa,

Zaka 7 zakwana ndithu! Amayi ako akuti dzino lakutsogolo lija laguluka. Unalira? Linalo layamba kumera? Ndakusowa kwambiri iwe.

Kuno kuntchito mbewa yathu ina yabereka. Ukanakhalapo bwenzi ukukana kupita kukagona. Tisanadziwe n'komwe, inali itang'amba kale pepala lofewa lomwe timaziikira, n'kulikokera pakona, n'kumanga kachisa kozungulira bwinobwino. Tianato ndi tofiirira, topanda ubweya, maso ali tsekeretu, ndipo tidzayamba kuona pakatha masabata awiri. Khungu lake n'lopyapyala moti tikayamwa, mkaka umaonekera pamimba, kadontho koyera. Kamodzi n'kosamva. Kanakwawa n'kutuluka m'chisa, kakulira ndi mawu oti khutu la munthu silingamve. Mayi wake anamva. Anathamanga, n'kukanyamula ndi pakamwa, n'kukabweza pakati pa anzake. Posakhalitsa katulukanso! Ndinaseka ndekha, chifukwa ndikudziwa mwana wina amene sakhala pansi.

Paja unandifunsa kuti ndimatani ndi mbewa tsiku lonse. Tamvera. Kambewa kalikonse kanayamba ndi selo imodzi yokha, kanthu kakang'ono koti maso sangaone. Iwenso unayamba choncho. Seloyo inagawikana kukhala awiri, awiriwo kukhala anayi, mpaka patatha masiku pafupifupi 20 kunabadwa kambewa ka mchira ndi timapazi. Ntchito yanga ndi kufunsa kuti: selo iyi yapamtima inabadwa kwa ndani? Nanga abale ake akukhala pati, pafupi kapena kutali?

Vuto ndi loti maselo amafanana. Ndiye m'chaka cha 2010, a Hans Clevers ndi anzawo ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, anapanga mbewa zotchedwa Confetti. Ukazipatsa mankhwala enaake, selo imatenga mtundu umodzi mwa mitundu 4: wobiriwira, wachikasu, wofiira kapena wabuluu. Ana a seloyo amatengera mtundu womwewo, zidzukulu zakenso chimodzimodzi. Wobiriwirawo unachokera kwa kanyama kowala ka m'nyanja kotchedwa jellyfish, ndipo amene anapeza chomwe chimakawalitsa ndi a Osamu Shimomura a ku Japan, mu 1962. Koma usaganize kuti mbewa zathu zimaoneka ngati utawaleza, ayi. Kunja ndi mbewa wamba basi. Mitunduyo timaiona pa maikulosikopu, chida choonetsa tinthu ting'onoting'ono ngati tatikulu, titazimitsa magetsi.

Malo amene ine ndimawakonda ndi m'matumbo. Usachite nyansi! M'menemo muli timaenje tambirimbiri, ndipo pansi pa kadzenje kalikonse pamakhala maselo obereka anzawo, pafupifupi 14. Ana awo amakwera m'mwamba ali pamzere, n'kukathothoka pamwamba pakatha masiku 3 mpaka 5. Ndiye umaona mzere wofiira ukukwera apa, wachikasu pambali pake. Poyamba kadzenje kamakhala ndi mitundu yosakanikirana, koma pakapita miyezi kamatsala ndi mtundu umodzi wokha. Banja limodzi latenga malo onse. Si kuti linali lamphamvu kuposa enawo, ndi mwayi chabe. M'mimba mwakomo maselo akubadwa chonchi pompano, pamene ukuwerenga kalatayi. Kodi zopweteka m'mimba zija zinatha? Usabise, uziwauza amayi ako msanga.

Ku Harvard, ku America, anzathu ena anachita zoposa apa mu 2007: maselo a mu ubongo wa mbewa anawala mitundu pafupifupi 90. Iwe makrayoni ako alipo angati? Kapena mng'ono wako anakuthyolera onse?

Ndikudziwa kuti ufunsa mmene timaonera mkati mwa mbewa. Limenelo ndi funso lolemera, ndipo ndikufuna kudzakuyankha tili pamodzi, osati papepala.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha. Agogo ako ali ndi nkhawa kuti ukamva nkhaniyi uyamba kutola mbewa. Usatero! Zathuzi zimabadwira m'chipinda chaukhondo, ndipo timazigwira titavala magolovesi. Zakutchire zimaluma, zimanyamulanso matenda. Ukaona kachisa, ungoyang'ana uli patali, kenako undilembere kuti munali tiana tingati. Ulembe wekha, amayi ako asakugwire dzanja.

Ndine amene ndimakukonda,
Azakhali ako