Iwe, kabayitse jakisoni wa chimfineyo

Ngabu, Lachinayi usiku

Mnzanga,

Voisi noti yako ija ndaimvera katatu. Dzulo kawiri ndili pamzere ku mjigo, lero m'mawa kachitatu ndikupopa tayala la njinga, ndiye ndati ayi izi sizoyankha ndi pakamwa, ndilembe kuti uziwerenga mobwerezabwereza mpaka zikulowe. Kuno tadzuka, ana ali bwino, amayi nawo mphamvu zikubwerera pang'onopang'ono. Ndalama ya malata ija inafika, achimwene ako anakhoma kale ndipo azakhali ako analowa m'nyumbamo Loweruka, chigwetsereni Freddy nyumba ija mu Malichi 2023 ndi pano agona pansi pa denga lawolawo. Takhuta kwambiri. Zithunzi ndikutumizira netiweki ikakhala bwino.

Koma si zimenezo ndakhalira pansi. Eti zoona abwana ako ku Cape Town kumeneko akuuza kuti tiye ku famase ukabayitse katemera wa fuluwenza, ndalama alipira okha, galimoto ndi yawo, iweyo nkuwayankha kuti kwathu ku Chikwawa chimfine timathana nacho ndi mandimu ndi jinja? Ndinayamba ndaseka kaye kkkk chifukwa ndinakuona ndithu mmene umapotozera mlomo ukamakana chinthu, ndinakumbuka tsiku lija a zaumoyo anabwera kusukulu ndi jakisoni wa kafumbata iwe nkukabisala m'munda wa mapira mpaka belu lowerukira. Mzimayi wamkulu wa ana awiri, wodutsa maboda atatu pa basi wekhawekha, ukuopabe kasingano! Koma nditamaliza kusekako mtima unangoti myuu, tulo sindinatione.

Iwe uli ndi mphumu. Kapena waiwala? Ine sindinaiwale usiku uja wa mu Okutobala kwa agogo ako, kutentha kwa kuno kuja kogona panja, fumbi lili koboo, iwe uli pamkeka utagwira maondo, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Dzina langa lomwe limakukanika kutchula. Malume ako anakukweza pa njinga ine ndikuthamanga pambuyo ndi tochi ndi chitenje chako. Munthu wa chifuwa chotere fuluwenza ikamugwira sikhala nkhani ya mamina ayi, imakadzutsa mphumuyo. Nchifukwa chake a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati ayambe kubayitsa ndi anthu ngati iwe a matenda okhalitsa, mphumu, shuga, mtima, HIV, limodzi ndi amayi oyembekezera, okalamba, ana osakwana zaka 5 ndi ife ogwira ntchito zachipatala.

Vuto lathu zonse timangoti chimfine. Timamina ndi kuyetsemula masiku atatu uku ukusesa ukuphika, chimfine. Kugwetsedwa mwadzidzidzi, m'mawa unali bwinobwino masana thupi lili moto, mutu ukung'amba, m'mafupa mukuphwanya ngati akusinja ndi munsi, sabata yathunthu osadzuka, nachonso akuti chimfine. Koma tizilombo take ndi tosiyana. Mandimu akowo amafewetsa pakhosi, sindikukana, nanenso ndimamwa. Chogwetsa mwadzidzidzicho ndiye fuluwenza yeniyeni, ndipo a WHO amawerengera kuti chaka chilichonse imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 padziko lonse. Ya 1918 ija, nthawi imene Nsanje inkatchedwa Port Herald, inafika mpaka kuno ku Nyasaland, ndipo dziko lonse lapansi inatenga anthu pafupifupi 50 miliyoni.

Za amayi chaka chatha sindinakuuze zonse, ndinkaopa kukudetsa nkhawa uli kutali. Unali mwezi wa Juni. Anabwera kuchokera kudimba dzuwa lili paliwombo akuti ndikuzizidwa, nkufunda mabulangete awiri, kuno ku Ngabu iwe, kumene bulangete limakhala m'sutikesi chaka chonse. Kuwabaya pachala, malungo palibe. Mawa lake kuyezanso, palibe. Ine ndinali ndapita kukapanga sikelo midzi ya kutali, ndiye mlamu wanga mwa chifundo chake anakawagulira Bactrim pa okala, osadziwa kuti mankhwala amenewa sachita kanthu pa vailasi. Tsiku lachinayi anaoneka ngati atsitsimuka, anapempha phala la mchewere nkumwa theka la bakuli, tonse tinati zatha. Lachisanu usiku kutentha kunabweranso ndipo kapumidwe kanasintha. Ndinagwada pambali pawo ndi wotchi ya pa foni nkumawerenga, kupuma kopitirira 30 pa mphindi imodzi, milomo itayamba kuda, akafuna kuyankhula mawu awiri amayamba apuma kaye. Tinadzutsa mnyamata wa njinga yamoto, amayi pakati ine pambuyo nditawakumbatira kuti asagwe, mutu wawo uli paphewa panga ukuotcha ngati mphika wapamoto. Adokotala anati inayamba ndi fuluwenza kenako chibayo chatsikira m'mapapo, akuti kwa okalamba njira yake imakhala imeneyo. Masiku 9 ali pa okosijeni, ine ndikugona pa katoni pansi pa bedi. Mbuzi ziwiri zinapita. Mpaka lero akafika pa mjigo amayamba akhala pansi kaye asanagwire mpini.

Ndiye ukamanena kuti ndi chimfine basi, ine ndimaona milomo ija.

Wafunsa kuti nanga bwanji chaka ndi chaka, si bizinesi chabe imeneyi, pomwe wa chikuku anatibaya tili ana nkuthera pomwepo. Funsolo ndi labwino, sindikukunyoza. Kachilombo ka chikuku sikasinthasintha. Ka fuluwenza kamasintha nkhope chaka chilichonse, ndiye asilikali a m'thupi amene anakadziwa chaka chatha akakumana nako chaka chino sakazindikira bwino, komanso mphamvu ya jakisoniyo imatsika pakapita miyezi. Nchifukwa chake akatswiri amakhala pansi kawiri pachaka, mu Febuluwale kusankha za katemera wa maiko a kumpoto monga ku Ulaya ndi America, mu Seputembala za maiko a kum'mwera monga South Africa ndi Australia, nkuika mitundu itatu kapena inayi mu jakisoni mmodzi. Zaka zina amalasa bwino, zaka zina kachilombo kamakhota iwo atasankha kale. Sindikunamiza kuti ukabayitsa ndiye basi sudzadwala, ayi. Chaka chimene alasa bwino katemerayu amachepetsa mpata wodwala ndi 40 mpaka 60 pa 100, tingoti theka, ndipo ambiri amene amadwalabe atabayitsa matendawo amabwera mopepukirako. Nawo udzudzu umatiluma tili pakhonde neti ili m'nyumba, koma ndani kuno kuchigwa angasiye kugona mu neti chifukwa cha zimenezo?

Za mayi wa kutchalitchi kwanu uja wati anabayitsa nkudwala mawa lake. Mu jakisoni ameneyu mulibe kachilombo kamoyo, sangakupatse fuluwenza. Zimene zimachitika ndi mkono kuwawa pamene abayapo, mwina kathupi kutentha ndi kuphwanya tsiku limodzi kapena awiri, Panado amakwana. Chinanso chitetezo chake chimatenga masabata awiri kuti chikhwime, ndiye munthu akabayitsa atatola kale kachilombo mu takisi amadwalabe nkumaloza jakisoni chala. Ndi chifukwa chake ndikuti pita sabata yomwe ino, Epulo asanathe, kumeneko fuluwenza imavuta kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo ndiwe wemwe unandiuza kuti chisanu cha ku Cape Town ndi cha mvula ndi chimphepo, makoma a kachipinda kako amachita kudontha, zovala zimatha masiku atatu osauma.

Pepa ndinadukiza, ndinamva chidebe chikugwa panja. Mbuzi za make Tadala zija ndithu. Iwe mbuzi zimenezi zandikwana, mpiru wanga ndinabzala kuseri kwa bafa, ndinautchingira ndi minga, madzi ake ndikuchita kusenza pamutu kuchokera ku mjigo m'mawa ndi madzulo, zinalowa Lolemba nkudya onse mpaka timitengo, lero zabwerera chimanga chimene ndinanyika. Ndikawauza amangoti pepani asisi ana ndi amene samanga, ana ake ati, wamkulu ali ndi ndevu kale. Sindifuna kukafika nazo kwa amfumu chifukwa pamaliro a bambo anatithandiza kwambiri, koma mtima ukundiwawa, mbewu ndinagula ndi ndalama yanga. Tayala la njinga nalo ndamatitsa kanayi mwezi uno, chubu changotsala zigamba zokhazokha, ndipo bokosi la katemera silifuna kuti uime padzuwa la kuno nkumapopa, ayezi amasungunuka. Aaa ndikanaiwala, chinkhoswe cha mng'ono wako chili mu Julayi, mnyamatayo ndi wa ku Bangula, akuoneka waulemu, akuuza yekha zambiri. Unamizire kudabwa.

Pa za bokosi pomwepo. M'bokosi langa mumakhala wa chikuku, wa poliyo, wa rota, wa chibayo cha ana, wa kafumbata, ndipo kuyambira 2019 muli wa malungo, paja Chikwawa ndi Nsanje tinali m'gulu la maboma oyambirira kulandira. Wa fuluwenza chiyambireni ntchito sanalowemo. Akanakhalamo bwenzi nditayamba kubaya amayi chaka chatha, ndikanawagwira mkono ndekha. Ndiye iwe chinthu chimene ine ndikuchilakalaka kuno akukupatsa m'manja, ulere, nkukutengeranso pa galimoto, ukuti mandimu. Zimandikumbutsa 2021 nthawi ya katemera wa COVID, tikafika m'mudzi anthu amatseka zitseko akuti tabwera ndi 666, ena akuti akabayitsa sadzaberekanso, mpaka mu Meyi chaka chomwecho boma linawotcha katemera pafupifupi 20,000 amene masiku ake anatha. Ndinamva pa wailesi nkukhala chete nthawi yaitali. Pomwe anthu omwewo madzi atasefukira mu 2015 ku Nsanje anaima pamizere kumwa katemera wa kolera, chifukwa kolera amaoneka ndi maso, munthu amatha tsiku limodzi. Fuluwenza imapha mwakachetechete, pamaliro anthu amangoti anadwala chifuwa, anali wamkulu kale.

Komanso taganizira agogo amene ukuwasamalirawo. Wati zaka zapitirira 80, ndiwe umawasambitsa, ndiwe umawadyetsa ndi supuni, nkhope ndi nkhope tsiku lonse. Munthu amatha kupatsira mnzake fuluwenza kutatsala tsiku limodzi kuti iye adzimve kudwala, ndiye iwe utsika takisi yodzadza mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, ulowa m'nyumba ukumva bwinobwino, uwapukuta pakamwa. Ana awo sakukukakamiza chifukwa chokudelera kuti ndiwe wobwera ayi, akuopera mayi awo, ndipo nawenso agogowo umawakonda, umachita kunditumizira zithunzi mukuluka limodzi. Atati adwale chifukwa cha iwe ungadzikhululukire? Nanga ntchito? Ndiwe unati tsiku limene sunapite salipira. Sabata ziwiri uli gone, lendi, fizi ya ana, inhela yako, zichokera kuti?

Usiku wathawu maganizo anandifikitsa kutali mnzanga. Ndinakuona uli wekha m'kachipinda konyowa kaja, chitseko chokhoma, inhela yatha, foni ili poteropo koma mpweya woti uyimbire munthu palibe, malume ako a njinga kulibe, ine wothamanga ndi tochi kulibe. Kenako ndinayamba kuona uthenga uja umazungulira m'magulu a WhatsApp, chithunzi cha munthu ndi nambala yotumizirako chopereka kuti thupi libwere kumudzi, mmene zinakhalira ndi mwana wa aphunzitsi athu a Fomu 2 uja, masabata atatu anthu akugona pasiwa kudikira galimoto ichoke ku Joni, mayi ake mawu anatha ndi kulira thupi lisanafike pa Thabwa. Ndinadzuka nkukhala pakhonde, ndikuwerenga kuti ana ako ndiwauza bwanji, wamng'onoyo amene amafunsa tsiku lililonse kuti amama abwera liti ndi nsapato za magetsi. Amuna anga anatuluka nkundifunsa kuti chachitika nchiyani, ndinangoti palibe, nanga ndikanati ndikulira munthu amene ali moyo, amene mwina nthawi yomweyo akuliza mkonono kwake.

Ndiye usandiyankhe zambiri. Mawa uwauze abwanawo kuti ndasintha maganizo tiyeni, ukafika uwauze anesi kuti uli ndi mphumu, upereke mkono wakumanzere poti umagwira ntchito ndi wamanja, uyang'ane kukhoma, uwerenge mpaka 3 zatha. Ku Cape Town kulibe munda wa mapira woti ukabisalemo kkkk. Unditumizire chithunzi cha kathonje ka pamkono, chopanda chithunzi sindikhulupirira, ndipo chaka chamawa mwezi ngati uno ndidzakuvutitsanso chimodzimodzi. Ufunsenso pomwepo mtengo wa inhela, ukhale ndi ziwiri, ina m'chikwama ina pafupi ndi pilo.

Batire yatsala 3, sola lero sinadye bwino kunali mitambo ndipo ana anaonera kaye makatuni ndisanabwere. Panali nkhani ina ya munda wa kudimba uja, malire asunthanso madzi ataphwa ndipo achimwene ako akuti ndikufunse ngati ungalole kuti chigawo cha kumtsinje chija