Chilengezo: Tikusonkhanitsa mbiri ya mpingo wathu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu.

Komiti yathu yayamba ntchito yolemba mbiri ya mpingo wa Zambezi Evangelical muno mu Blantyre, ndipo tikupempha thandizo lanu.

Chiyambi chake chili kale m'mabuku. Joseph Booth anafika kuno mu 1892 n'kukhazikitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Ankafuna kuti mishoni izidzidalira, n'chifukwa chake kuwonjezera pa kulalikira ndi kuphunzitsa ana, ankalimanso khofi. M'nyumba mwake munkagwira ntchito mnyamata wina dzina lake John Chilembwe, yemwe anapita naye ku America mu 1897.

Tsopano tikufuna nkhani za makolo athu: alaliki amene ankayenda wapansi, amayi a mumpingo, aphunzitsi a Sande sukulu, ndi onse amene anaumba njerwa za matchalitchi athu mzindawu ukukula. Ine ndinapeza khadi ya ubatizo ya malemu mayi anga pansi pa sutikesi, chiswe chitadya m'mbali monse, dzina la abusa likungowoneka mwa apo ndi apo. Misozi inalengeza, pozindikira kuti zambiri zikutithera chonchi m'nyumba zathu.

Choncho Loweruka likudzali, 9 koloko m'mawa, bwerani ku tchalitchi ndi zithunzi zakale, makadi, mabuku a nyimbo ngakhalenso makalata. Achinyamata adzazijambula pa foni n'kukubwezerani pomwepo. Ngati muli ndi agogo amene kuyenda kukuwavuta, uzani alembi a mpingo, tidzawayendera kwawo kuti tikamve kuchokera pakamwa pawo.