Kalata yonena za nyumba ya Hardwick

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Blantyre. Kuno ku Sheffield tili bwino, kungoti kuzizira kwayambanso. M'kalata yanu yapita ija mudandipempha kuti ndikaona nyumba yakale yogometsa ndidzakufotokozereni mwatsatanetsatane, popeza inu ndinu mmisiri womanga ndipo mumayang'ana khoma ndi diso lina. Loweruka lapitali ndidapita ku Hardwick Hall, m'dera la Derbyshire pafupi ndi tauni ya Chesterfield, ndipo kuyambira tsikulo nyumbayo sikuchoka m'maganizo mwanga.

Mwini wake adali mayi, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Anthu amamutchula kuti Bess wa ku Hardwick. Adabadwira pamalo omwewo, m'banja la eni minda osalemera kwenikweni, koma adakwatiwa kanayi, ndipo amuna ake atamwalira mmodzimmodzi chuma chake chidanka chikula mpaka adakhala mmodzi mwa akazi olemera kwambiri mu England m'masiku a Mfumukazi Elizabeth Woyamba. Mwamuna wachiwiri, William Cavendish, ndiye adamanga naye nyumba yoyamba ya Chatsworth. Wachinayi, George Talbot, nduna yolemekezeka ya ku Shrewsbury, ndiye adapatsidwa ntchito yosunga Mary, mfumukazi ya ku Scotland, ngati mkaidi kwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo banja lawo lidasokonekera mpaka adapatukana. Mwamunayu adamwalira mu 1590, ndipo chaka chomwecho Bess, atapitirira kale zaka makumi asanu ndi limodzi, adayamba kumanga nyumba yatsopano pafupi penipeni ndi ina imene adali asanaimalize n'komwe. Adalowamo mu 1597.

Chimene chikadakukondweretsani ndi mawindo. Anthu a kuno ali ndi mawu akale onena kuti pa Hardwick magalasi achuluka kuposa khoma, ndipo ukaima pabwalo umaona kuti sadakokomeze. M'nthawi imeneyo galasi lidali katundu wodula kwambiri, kotero kudzaza nyumba ndi mawindo kudali kulengeza chuma kwa aliyense wodutsa m'chigwa. Mapulani adajambula ndi mmisiri Robert Smythson, amene adayamba ntchito ngati wosema miyala. Adaika nsanja zisanu ndi imodzi mozungulira nyumbayo, ndipo mbali iliyonse imafanana ndendende ndi inzake yoyang'anana nayo. Pofuna kuti kufananaku kusaonongeke, mawindo ena ndi onamizira chabe, kuseri kwake kuli khoma, pamene ena amaunikira zipinda ziwiri, china pamwamba pa chinzake. Michumuni yambiri adaipititsa m'khoma lochindikala la pakati pa nyumba kuti makoma akunja atsalire magalasi. Pamwamba pa nsanja iliyonse pali zilembo ziwiri zazikulu zosemedwa pamwala, E ndi S, kutanthauza Elizabeth Shrewsbury, popeza Bess ndi chidule cha dzina lakuti Elizabeth. Mayiyu adalemba dzina lake pamene munthu sangalephere kuliona.

M'kati mwake ulemu umakwera ndi makwerero. Pansi padali khitchini ndi antchito, ndipo denga lake ndi lofupikirapo. Pakati ndi pamene Bess ankakhala ndi banja lake. Pamwamba penipeni, pamene mawindo ndi aatali koposa, ndi pamene pali zipinda zolandiriramo alendo aulemu. Makwerero amiyala opita kumeneko sathamangira kukufikitsa, amakhotakhota, amadutsa mu mdima kenaka m'kuwala, kotero kuti ukamalowa m'chipinda chachikulu cha pamwamba umakhala utachepa kale mumtima. M'chipindamo, pamwamba pa makoma, adaumba ndi pulasitala nkhalango yonse, mitengo, mbawala ndi alenje, nazipaka utoto umene tsopano wazilala. Pambali pake pali chipinda chachitali pafupifupi mamita 50, momwe eni nyumba ankayendamo mvula ikamagwa kunja.

M'chipinda chachitalicho ndimo ndidakhalitsa. Makoma ake akutidwa ndi nsalu zolukidwa khumi ndi zitatu zosimba nkhani ya Gideoni wa m'Baibulo. Bess adazigula ku London zitagwirapo kale ntchito m'nyumba ya Christopher Hatton, nduna ina ya Mfumukazi Elizabeth, ndipo pamene padali chizindikiro cha banja la mwini wake wakale adamatapo chake. Zimenezi zidandionetsa munthu wodziwa kuwerenga ndalama ngakhale pochita zodzionetsera. Koma apa ndi pamene nyumbayi imalimbana yokha: dzuwa lolowa pa mawindo otchukawo ndilo limadya utoto wa nsalu, kotero lero osamalira amatseka makatani, ndipo nyumba yomangidwira kuwala umaiyendera mu kachisisira. Ntchito yokonzanso nsalu za Gideonizo idatenga zaka zoposa makumi awiri ndipo idatha mu 2023.

Mwina mufunsa kuti zinthu za zaka zoposa 400 zidapulumuka bwanji. Bess atamwalira mu 1608, zidzukulu zake za banja la Cavendish zidakonda Chatsworth, ndipo kumeneko ndi kumene zidagwetsa, kumanganso ndi kutsata mafashoni. Hardwick ankangobwerako mwa apo ndi apo, choncho palibe amene adavutika kuisintha kwambiri. Katundu wambiri wolembedwa pa mndandanda umene Bess adalembetsa mu 1601 akadali momwemo. Nyumba yakale ya pambali ija sidapeze mwayi womwewo, chifukwa m'zaka za m'ma 1700 adaigumula mbali zina kuti atengeko zomangira, ndipo lero ndi bwinja lopanda denga, ngakhale zoumba za pulasitala zikuonekabe pa makoma ake.

Banjalo lidaitaya nyumbayi chifukwa cha msonkho wa chuma chamasiye. Mkulu wa banja atamwalira mwadzidzidzi mu 1950, boma lidafuna msonkho waukulu kwambiri, ndipo Hardwick idaperekedwa m'malo mwa ndalama. Kuyambira mu 1959 ili m'manja mwa bungwe la National Trust, losamalira nyumba ndi malo akale. Womaliza wa banjalo kukhalamo adali mayi wamasiye, Evelyn, amene ankasoka yekha nsalu zong'ambika kufikira imfa yake mu 1960.

Pobwerera ndidakumbukira tsiku lija mudandionetsa ming'alu pa makoma a nyumba zakale za ku Blantyre, titachoka ku Mandala, mukudandaula kuti tikuzilekerera. Ndajambula zithunzi za momwe miyala ya mawindo idalumikizidwira, ndipo ndizitumiza pa WhatsApp. Mukaziona mundiuze ngati mukuganiza kuti khoma lochepa chotero lingasenze denga popanda lija la pakati. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa amayi.

Ine mnzanu wa ku Sheffield.