Msonkhano woona zithunzi za asilikali a nthawi ya atsamunda

Mamembala a gulu la mbiri yakale,

Loweruka likubwerali tikumana ku holo yathu ija 2 koloko masana. Tidzaona zithunzi za akuluakulu a asilikali omwe analandira mendulo ya Victoria Cross (mendulo yapamwamba kwambiri ya Britain yoperekedwa kwa asilikali olimba mtima) pa nkhondo za atsamunda. Tidzayamba ndi John Chard ndi Gonville Bromhead, omwe anatsogolera asilikali a Britain polimbana ndi Azulu ku Rorke's Drift, ku South Africa, mu Januwale 1879. Pa nkhondo imodzi yokhayi boma la Britain linapereka mamendulo 11 a Victoria Cross. Tidzakambirananso za Azulu mazana angapo omwe anafera pomwepo, amene zithunzi zawo sitiziona pakhoma. Mbali imeneyi tisaidumphe.

Aliyense abweretse kope, cholembera ndi ndalama ya umembala ya mwezi uno. Amene muli ndi zithunzi zakale za asilikali, bwerani nazo mu envulopu kuti zisapindike.

Yankhani pofika Lachinayi kuti tidziwe amene akubwera.