Mwana wanga, laser iyambe yadikira, uyambe wakayezetsa zalazo

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iwe, apongozi anga ndi adzukulu anga. Kuno tilipo, ndipo bambo ako akupereka moni. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ndikufuna uiwerenge utakhala pansi, osati uli pa basi kuthamangira kuntchito.

Wandiuza kuti wapeza kliniki yolipira ku Leeds, ku England komweko, imene imathandiza odwala nyamakazi ndi kuwala kwa laser, ndipo akuti ukalipiriratu maulendo onse akuchotserako mtengo. Ndalamazo ndi zako, umazikhetsera thukuta ponyamula okalamba usiku ndi usana, ndipo sindingakuletse. Koma m'mawu ako munali chinthu chimene unangochitchula modutsa, ndipo ine amene ndakalambira pa unamwino chandisowetsa tulo. Za bondo ndamva. Koma unanenanso kuti zala za manja onse awiri zimatupa, mphete yaukwati yasiya kulowa, ndipo m'mawa zimauma kupitirira ola lathunthu usanathe kumanga mabatani a yunifolomu. Mwanawe, kutopa ndi ntchito sikuchita choncho.

Nyamakazi imene ili ndi azakhali ako ndi ija madokotala amati osteoarthritis. Chicherewecherewe chimene chimakuta nsonga za mafupa chimaperepeseka pang'onopang'ono, kawirikawiri munthu akapitirira zaka 45. Bondo limapweteka ukaligwiritsa ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa sikupitirira mphindi 30. Koma ilipo ina yotchedwa rheumatoid arthritis, ndipo imeneyo ndiye ndikuiopa mwa iwe. Chitetezo cha m'thupi chimene chimayenera kulimbana ndi matenda chimatembenukira mwini wake, n'kuyamba kuukira kachikopa ka m'kati mwa mfundo za mafupa. Imakonda kuyambira m'zala za manja ndi za mapazi, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo imagwira akazi kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa amuna. Siidikira ukalamba. Kutupako kukasiyidwa kumadya fupa lenilenilo. Ndinkawaona amayi m'wodi, zala zitapindikira kumbali, osatha kugwira mthiko kapena kumanga chitenje, ndipo chala chikapindika choncho sichiwongokanso. Ambiri a iwo anafika mochedwa chifukwa kuno akatswiri a matendawa ndi owerengeka. Iwe uli kumene akatswiriwo alipo, ndipo NHS, ntchito ya zaumoyo ya boma kumeneko, siikulipiritsa kuti uonane nawo.

Tsopano za laser. Usaganize kuti ndikuitenga ngati zachinyengo, ayi. Mlongo wako anandithandiza kufufuza, ndipo ndawerenga mofatsa. Chithandizochi chinayambira kwa dokotala wa ku Hungary, Endre Mester, amene mu 1967 ku Budapest anameta mbewa, n'kuziwalitsira laser ya mphamvu yochepa, ndipo anaona kuti ubweya unamera msanga kuposa wa mbewa zimene sanaziwalitsire. Laser yake si ija yodula nayo pa opaleshoni. Siwotcha, ndipo anthu ambiri samva chilichonse. Ndi kuwala kofiira, kapena kwina kosaoneka ndi maso, kumene kumalowa pang'ono kupyola khungu. Ofufuza amaganiza kuti tizigawo ta m'maselo timene timapanga mphamvu timayamwa kuwalako, ndipo zimenezi zimachepetsa kutupa ndi ululu.

Umboni ulipo ndithu, koma uyang'ane kukula kwake. Mu 2005 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku wa anthu 222 odwala rheumatoid arthritis. Anapeza kuti laser inachepetsako ululu, ndipo kuuma kwa m'mawa kunafupika ndi mphindi pafupifupi 27, koma zinali zotsatira za kanthawi kochepa. Mu 2019 ofufuza a ku Bergen ku Norway anaunika kafukufuku 22 wa anthu 1,063 odwala osteoarthritis ya m'bondo, ndipo anapeza kuti ululu unkatsika makamaka pamene mlingo wa kuwalako unali woyenera. Komabe mu 2022 bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za kumeneko, linati odwala osteoarthritis asamapatsidwe laser chifukwa umboni wake sunakwane. Akatswiri okhaokha sakugwirizana, ndiye usadabwe kuti chithandizochi ukuchipeza kolipira.

Chimene ndikufuna uchigwiritse ndi ichi: ngakhale ofufuza amene amaiyamikira laser amakamba za kuchepetsa ululu ndi kuuma. Palibe umboni woti imaletsa rheumatoid arthritis kudya mafupa. Ndiye taganiza, wapita maulendo akowo, ululu watsika, wasangalala, wadikira miyezi isanu ndi umodzi. Kuli ngati kupaka penti mtanda wa denga umene chiswe chikuudya m'kati. Miyezi yoyambirira imeneyo ndi imene mankhwala enieni amagwira bwino ntchito, ndipo ikadutsa siibwerera.

Choncho sabata ino ukapeze nthawi kwa GP wako, dokotala wa ku kliniki ya kwanuko amene umayambira kuonana naye. Ndikukudziwa, ukafika pamaso pa dokotala umachepetsa zinthu, umati "zili bwinoko." Ulendo uno usatero. Ulembe papepala kuti ndi manja onse awiri, kuti kuuma kumapitirira ola, ndi mwezi umene zinayamba. Uzijambula zalazo pa foni m'mawa zikatupa, chifukwa pofika masana kutupa kumatha kutsika, dokotala n'kuona zala zabwinobwino. Adzakuyeza magazi, kuyang'ana rheumatoid factor, anti-CCP ndi CRP. Koma dziwa kuti anthu ena amadwala matendawa magazi awo osaonetsa kanthu, ndipo malangizo a NICE amanena kuti ngati timfundo ta m'zala tatupa kwa nthawi, munthu atumizidwe mwachangu kwa katswiri ngakhale zotsatira za magazi zili bwino. Upemphe zimenezo mwaulemu koma molimba.

Akapeza kuti ndi imeneyo, kawirikawiri amayambira pa methotrexate. Amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo pamenepa usadzasokoneze chifukwa kumwa tsiku ndi tsiku n'koopsa. Amapereka pamodzi ndi folic acid, ndipo amayeza magazi pafupipafupi kuti aone chiwindi. Pali china chimene ndikuuza monga mayi ako: mankhwalawa amavulaza mwana wosabadwa. Ngati inu awiri mukuganiza zoonjezera banja, umuuze dokotala poyambirira pomwe, chifukwa alipo ena monga hydroxychloroquine ndi sulfasalazine amene angakambirane nawe.

Bondolo likhoza kukhala nkhani yomweyo, kapena ina yapadera yobwera ndi ntchito yonyamula anthu. Likakhala loperepeseka, chimene chimathandiza kwambiri ndi mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu, tsiku ndi tsiku, ngakhale poyamba amawawa. Kuchepetsa thupi nakonso: kilogalamu imodzi ikachoka, bondo limapepukidwa ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa sitepe iliyonse. Ndipo brufen amene ukumwa usanadye popita ku shifiti yausikuyo, chonde leka. Amaboola m'mimba ndi kutopetsa impso. Pa bondo, funsa za diclofenac wopaka.

Ukadziwa dzina la matenda ako, mankhwala n'kuyamba, ndiye ukafunabe laser kuti ikuchepetsere ululu, pita, ine ndilibe nayo mlandu. Koma ufunse ngati wokuthandizayo ndi wamafizo wolembetsedwa ku HCPC, bungwe limene limavomereza ndi kuyang'anira anthu a ntchitoyi kumeneko. Umufunse mlingo umene akupereka pa malo alionse ndi chifukwa chake. Wodziwa ntchito sakwiya ndi funso lotere. Akupatse magalasi oteteza maso, chifukwa kuwala kosaonekako kumatha kuwononga diso munthu osaphethira n'komwe. Asawalitse pamimba ngati uli woyembekezera, kapena pa chotupa chimene sichinayezedwe. Uzilipira ulendo umodziumodzi, ndipo pakatha masabata angapo osaona kusintha, usiye. Timakina totchipa ta pa intaneti tisiye, sungadziwe mphamvu imene tikutulutsa.

Chimodzi chokha sichidikira GP. Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, n'kufiira, iwe n'kumva malungo, upite ku A&E (kolandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala) tsiku lomwelo. Akhoza kukhala majeremusi alowa m'mfundo, ndipo amawononga m'masiku ochepa.

Ndikudziwa kuti umaopa kujomba kuntchito chifukwa umaganiza za ife. Mwezi uno usatumize kalikonse. Chimanga chilipo, ndipo za feteleza takambirana kale ndi mlongo wako. Tenga tsiku lopuma, upite kuchipatala. Apongozi anga uwawerengere kalatayi kuti akuperekeze, ndipo akakupatsa tsiku lokaonana ndi dokotala unditumizire uthenga madzulo omwewo.

Tikukupempherera masiku onse.

Ndine mayi ako.