Ndalama zathu za thonje zili kuti?

Ndikulankhula ndi inu akuluakulu a kampani imene munagula thonje lathu kuno kwa Chilipa, m'boma la Mangochi. Foni simukuyankha, ku ofesi akungoti bwana achokapo, ndiye ndalemba pano pa Facebook kuti aliyense aone.

Munanyamula thonje lathu pa ngongole, n'kutilonjeza kuti mutilipira likangodutsa kumakina ochotsa njere. Malole anapita kalekale. Ife tatsala ndi timalisiti tokha, tina inki yayamba kufufutika m'thumba.

Chandiwawa kwambiri ndi zimene kalaliki wanu ankachita pa sikelo. Thumba lililonse ankadulapo makilogalamu, ati ndi a njere. Lamulo limenelo analitenga kuti? Mtengo umene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka ndi wa thonje monga lachokera kumunda, njere zili momwemo. Musatiyese ana, ulimi umenewu tinakulira momwemo. Tikudziwa kuti likalowa m'makina, thonje loyera lomangidwa m'mabelo limangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu, pomwe njere zimaposa theka la kulemera konse. Njerezo simutaya kudzala ayi. Mumagulitsa kwa oyenga mafuta ophikira, ndipo zotsalira zake amadyetsa ng'ombe. Ndiye mutidule makilogalamu pa chinthu chomwe inu mukapezerenso ndalama? Kumeneko ndi kudya kawiri mbale imodzi.

Mukanaona zala za mayi a kunyumba kwanga nthawi yothyola, zong'ambika ndi makoko ouma a thonje. Madzulo ankakhala pamkeka ndi ana, kusankha loyera pambali, lothimbirira pambali, kutola tizitsotso kamodzikamodzi. Munatiletsa matumba a nayiloni chifukwa ulusi wake ukasakanikirana ndi thonje umaliononga, ife tinamvera. Komabe kalalikiyo analemba lonse giredi B, thumba osamasula n'komwe.

Ngongole ya mbewu ndi mankhwala opopera, imeneyo simunaiwale, munadula tsiku lomwelo.

Ana akufunika fizi, chimanga chikukwera mtengo, mvula nayo siyembekeza munthu. Bwerani kwa Chilipa ndi mabuku anu a sikelo tiwerengere limodzi pamaso pa amfumu. Mutibwezere makilogalamu munadulawo, mutiuzenso tsiku lenileni lolipira. Mukapitiriza kukhala chete, kalabu yathu yagwirizana zokatula nkhaniyi ku Cotton Council of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la thonje la 2013, malisiti ali m'manja.